Mbiri ya Masamu Owerengera Zithunzi za Ubongo

Chithunzi cha ubongo cha makina a MRI chimakhala ndi timagawo ting'onoting'ono tambirimbiri totchedwa voxel. Wofufuza akamayerekeza odwala ndi anthu abwinobwino, amayesa kagawo kalikonse. Akalola kuphonya kasanu pa mayeso 100, ndiye kuti mwa timagawo 100,000 tabwinobwino, pafupifupi 5,000 tidzaoneka ngati tili ndi vuto.

Njira yakale yothetsera izi inachokera ku masamu a Carlo Bonferroni wa ku Italy, a mu 1936: mayeso akachuluka, muyeso uzikhwima. Koma pa ubongo njirayi imakhwimitsa mopyola, mpaka matenda enieni kubisika. Mlimi wa kwa Ngokwe amadziwa kuti nyanja ya Chiuta ikasefukira, minda yoyandikana imamira pamodzi. Minda khumi yomira si zigumula khumi. Timagawo toyandikana timateronso, choncho sitiyenera kuwerengedwa ngati mboni zosiyana.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Karl Friston ku London anakonza pulogalamu yowerengera zithunzi za ubongo yotchedwa SPM, ndipo mu 1992 Keith Worsley wa ku Montreal anapereka masamu oganizira kufanana kwa timagawoti. Mu 2002 Thomas Nichols ndi Andrew Holmes anafalitsa njira yosakaniza magulu a anthu oyesedwa mobwerezabwereza, kuti zotuluka mwangozi zidziwike kukula kwake.

Komabe ambiri sankasamala. Mu 2009 Craig Bennett analengeza kuti anajambula nsomba yakufa ya salmon, ndipo popanda kukonza masamu, ubongo wa nsombayo unaoneka ngati ukugwira ntchito. Mu 2016 Anders Eklund ndi anzake anapeza kuti njira zina zotchuka zinkatha kunama mpaka ka 70 pa 100, m'malo mwa kasanu.

Kuno kwathu makina a MRI anafika pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008. Mu 2015 gulu la Terrie Taylor, Karl Seydel ndi Sam Kampondeni linalengeza zimene linapeza pa ana 168 odwala malungo a mu ubongo: mwa ana omwalira, 84 pa 100 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa opulumuka anali 27 pa 100. Zithunzizo anaziwerenga ndi madokotala, koma makompyuta akulowa m'ntchitoyi. Tikufunika Amalawi odziwa bwino masamu amenewa, chifukwa chithandizo cha mwana wokomoka ndi malungo kwa Ngokwe chidzadalira kafukufuku wosanama.