Wovulala Msana Adzuke Pang'onopang'ono

Utale ndi odwala

Ansembe a Montfort adatsegula mishoni ya Utale ku Balaka m'chaka cha 1908. Patapita zaka, Utale adatchuka ndi malo osamalirako odwala khate.  Choncho kusamala anthu aulumali si kwachilendo kuno. Masiku ano ena mwa iwo ndi ovulala msana pa ngozi ya kabaza kapena pogwa mumtengo.

Kale ankangogona

Kale wovulala msana ankasiyidwa chigonere, ndipo ambiri ankafa ndi zilonda komanso matenda a chikhodzodzo. Mu 1944 dokotala Ludwig Guttmann adayamba kuthandiza odwala otere ku Stoke Mandeville, ku England. Adalamula kuti azitembenuzidwa maola awiri aliwonse, kenako aphunzire kukhala tsonga ndi kusewera. Ambiri adapulumuka. Chipatala cha Kachere ku Blantyre chimaphunzitsanso ovulala kudzuka ndi kudzithandiza.

Chizungulire chimachokera kuti?

Pophunzira kudzuka, wovulala msana amatha kumva chizungulire. Munthu akadzuka, magazi amatsikira m'mimba ndi m'miyendo. Kwa wabwinobwino, ubongo umatumiza uthenga kudzera mumsana kuti mitsempha ifinye magaziwo abwerere kumtima. Msana ukavulala, makamaka pakhosi kapena pachifuwa, uthengawo sufika. BP imatsika, maso amachita mdima, munthu n'kukomoka. Kutentha kwa Okutobala kumakulitsa vutoli.

Kodi asangogona?

Ena amati, "Poti akukomoka, musiyeni agone." Ndi chifundo ndithu, koma kugona nthawi yaitali kumafooketsa thupi, chizungulire n'kukula, zilonda n'kuyamba. Thupi limazolowera likamadzutsidwa pang'onopang'ono. Yambani ndi kumutsamiritsa, mudikire, kenako akhale tsonga. Lamba wa pamimba ndi masokosi othina amathandiza, koma funsani achipatala. Adye chakudya chochepa pafupipafupi ndipo akhale pamthunzi. Chizungulire chikabwera, pendeketsani njinga yake ya olumala chagada ndi kukweza miyendo.

Enanso amamumana madzi poopa kunyowetsa zofunda. Kutero kumatsitsa BP ndi kudwalitsa chikhodzodzo. Amwe madzi okwanira, koma za mchere ndi mankhwala auzidwe ndi dokotala.

Chenjezo

Mutu ukamawawa kwambiri, thukuta lili kamukamu ndi nkhope yotentha, ndiye kuti BP yakwera, sinatsike. Pamenepo musamugoneke. Mukhazikeni tsonga, masulani zovala zothina, onani ngati mkodzo ukutuluka, ndipo thamangirani naye kuchipatala.