Bakhita: dzina limene anapereka ndi ogulitsa akapolo

Pa pulogalamu ya moni ya Loweruka madzulo timalandira timapepala ndi mauthenga a pafoni ochokera konsekonse: Kapata, Mchini, Nabvutika, mpaka Chiparamba ndi midzi ina ya ku Kasenengwa. Maina ambiri tinawazolowera, lilime limangoyenda lokha. Blessing, Precious, Chisomo, Dalitso, Thokozile. Tsiku lina kunabwera kapepala kopatsa moni mtsikana wa Giredi 7 dzina lake Bakhita. Mnzathu amene anali pa maikolofoni anayesa kuti wolembayo waika ulemu wa Chibemba, ndiye anawerenga kuti moni upite kwa "ba Khita". Sipanapite nthawi foni inalira. Anali amai ake a mwanayo, ndipo sanali kuseka. Anati dzinalo ndi limodzi, ndi la woyera mtima, ndipo ngati a pawailesi salidziwa, nanga adzalidziwa ndani?

Tinachita manyazi, ndipo tinakafufuza.

Bakhita ndi liu la Chiarabu, tanthauzo lake ndi wamwayi. Mukamva tero mungaganize kuti likufanana ndi Mwayi wathu, dzina limene makolo apatsa mwana amene anamuyembekezera zaka zambiri. Koma mtsikana amene anatchukitsa dzinali sanalilandire kwa makolo ake. Anabadwa cha m'ma 1869 m'mudzi wa Olgossa ku Darfur, kumadzulo kwa Sudan. Ali ndi zaka 7 kapena 8, anthu ogwira akapolo anamuba kunja kwa mudzi. Mkulu wake anali atabedwa kale. Chifukwa cha mantha ndi zikoti mwanayo anaiwala dzina lake lenileni, ndipo omubawo ndiwo anayamba kumuitana wamwayi. Ganizirani, kumanga mwana wa eni ake, kumuyendetsa wopanda nsapato mpaka kumsika wa El Obeid, kenaka n'kumati ndiwe wamwayi.

Anagulitsidwa kangapo. Panyumba ya mkulu wina wa asilikali wa ku Turkey ndi pamene anaona zoopsa koposa. Kunabwera mai wina ndi mbale ya ufa, mbale ya mchere ndi lumo. Anajambula mizere ndi ufa pathupi pake, n'kutema ndi lumo, n'kuthira mchere m'mabalamo kuti zipsera zisafafanizike. Zinali 114, pachifuwa, pamimba ndi pamkono. Ife mphini tizidziwa, ambuya athu ena anali nazo ndipo anali kunyadira. Izi sizinali mphini zokongoletsa ai. Zinali chizindikiro cha mwini katundu, monga atema khutu la ng'ombe.

Mu 1883 ku Khartoum anagulidwa ndi Callisto Legnani, woimira boma la Italy. Nkhondo ya Mahdi itafika pafupi ndi mzindawo, Legnani anachoka, ndipo Bakhita anapempha kupita naye. Anafika ku Italy mu 1885, komwe anaperekedwa ku banja la Michieli kuti akhale mlezi wa mwana wawo wamkazi. Mu 1888 mai wa panyumbayo, popita kukaona bizinesi ya mwamuna wake ku Suakin, anasiya mwana ndi mlezi wake kwa masisitere a Canossa ku Venice. Atabwerako kuti awatenge onse awiri apite nawo ku Sudan, Bakhita anakana. Maiyo anachonderera, anaopseza, anaitana akuluakulu. Mtsikana anakanabe. Pa 29 Novembala 1889 aboma anagamula kuti malamulo a Italy salola ukapolo, tero palibe angamutenge mokakamiza. Pa 9 Januwale 1890 anabatizidwa kukhala Giuseppina Margherita Fortunata. Fortunata ndi wamwayi yemweyo m'Chitaliyana. Dzina lachipongwe lija sanalitaye, analowa nalo m'madzi a ubatizo.

Zotsatira zake ndi zachete. Analumbira usisitere mu 1896, anatumizidwa ku Schio mu 1902, nakhala zaka zambiri akuphika, akukonza za paguwa ndi kutsegulira alendo chitseko. Anamwalira pa 8 Febuluwale 1947. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anamulengeza wodala pa 17 Meyi 1992, ndipo woyera pa 1 Okutobala 2000.

Nkhaniyi si ya kutali monga imamvekera. Zaka zomwezo zimene Bakhita anali kuyenda ndi unyolo, kuno kwathunso anthu anali kugwidwa. Achikunda anali kusaka minyanga ndi anthu m'chigwa cha Luangwa. Ku Nkhotakota, Jumbe anali kuolotsa akapolo panyanja kupita nawo ku Kilwa. Angoni a Mpezeni atakhazikika m'dera lino, ana ndi akazi ambiri a Chichewa ndi Chinsenga ogwidwa pankhondo anakulira m'midzi ya Chingoni, natenga ziongo za eni nyumba. Ena a ife amene tibvina ingoma pa Nc'wala ndi mtima wonse, tikafunsitsa bwino tingapeze kuti gogo wa agogo athu anabwera akulira, ndipo dzina limene tim'dziwa nalo silo anabadwa nalo. Akuluakulu sakonda kuikamba nkhaniyi. Mukaiyamba pamaliro amakuyang'anani ngati mwaponda pamphasa ya apongozi.

Ndiponso dzina lonyamula zowawa si lachilendo kwa ife. Kaundula wa sukulu iliyonse ya kumudzi, zaka za m'mbuyomu, anali wodzaza ndi Misozi, Mabvuto, Masauso, Masiye, Tikambenji. Makolo anali kulemba mbiri ya banja pa mwana: njala, maliro otsatizana, mitala yowawa. Amishoni atabwera, a Dutch ku Magwero mu 1899 ndi Abambo Oyera ku Kachebere mu 1903, panaonjezeka dzina lachiwiri la paubatizo. Kwa Akatolika linali la woyera mtima, ndiye midzi inadzaza ndi Agnes, Tereza, Veronica ndi Cecilia. Mu 1964 Papa Paulo Wachisanu ndi Chimodzi atalengeza ofera chikhulupiriro 22 a ku Uganda kukhala oyera, anyamata anapeza maina a kuno ku Africa: Kizito, Lwanga, Mulumba. Onse 22 anali amuna. Atsikana anadikira. Anuarite wa ku Congo analengezedwa wodala mu 1985, ndipo Bakhita anabwera pambuyo pake.

Apa ndi pamene pagona kusowa kwa dzinali. Linafika mochedwa. Pamene linali kumveka m'maparishi athu, mphepo inali itatembenuka kale. Machalichi atsopano anali kumera m'makomboni, ndipo makolo achinyamata anathamangira Blessing, Favour, Miracle ndi Precious, maina amene aliyense amva tanthauzo lake popanda kufunsa. Ena anabwerera ku Chisomo, Chikondi ndi Tamandani. Bakhita linatsala la Akatolika okha, ndipo ngakhale pakati pawo, monga tionera ife, kawirikawiri limakhala lachiwiri, lolembedwa pa khadi la ubatizo kapena la ulimbitso, pamene kusukulu mwanayo aitanidwa lina. Mulipeza msanga pa chikwangwani kuposa pa munthu: tumagulu ta mphakati, makwaya, sukulu ya atsikana ya masisitere a Canossa ku Balaka ku Malawi. Ndipo n'zosadabwitsa kuti limamveka kumene kuli ansembe a Comboni, monga ku Chikowa, popeza Daniel Comboni amene anayambitsa chipani chawo anali bishopu ku Sudan komweko, ndipo anamwalira ku Khartoum mu 1881.

Pali chinthu chimodzi chimene alaliki amakonda kubwereza, chakuti Bakhita ananena kuti akanakumana ndi omwe anamuba akanawagwadira ndi kuwathokoza, popeza njira yawoyo inam'fikitsa kwa Mulungu. Kunena zoona, ena a ife mau amenewa amatibvuta. Si kuti tikayika mtima wake. Tiopa kuti angatengedwe n'kukauziridwa mtsikana wozunzidwa kuti apirire, akhale chete, Mulungu adziwa. Ife timagwira kwambiri za 1889 zija. Mtsikana wakuda wa zaka ngati 20, m'dziko la eni, wopanda mbale ngakhale mmodzi, anauza abwana ake kuti sapita.

Kuyambira mu 2015, tsiku la 8 Febuluwale limasungidwa mu Mpingo wa Katolika monga tsiku lopempherera ndi kudziwitsa anthu za kugulitsa anthu. Zambia ali ndi lamulo loletsa mchitidwewu kuyambira mu 2008. Komabe mu Disembala 2022 mitembo 27 ya anthu amene akuti anachokera ku Ethiopia inapezeka itataidwa m'mbali mwa mseu ku Ngwerere, pafupi ndi Lusaka. Zimenezo zinamveka dziko lonse. Zimene sizimveka ndi za tsiku ndi tsiku. Azakhali a ku tauni abwera pa Khirisimasi, aona mwana wa Giredi 6 wochenjera, alonjeza sukulu ndi yunifomu. Makolo abvomera, pakuti feteleza wadula ndipo pakamwa pamodzi pachepa. Mwana akwera basi ya Great East. Pakapita chaka, sukulu sanaiponde, malipiro palibe, foni amalankhula pali abwana. Panyumbapo dzina lake silimveka. Ndi "sisi", ndi "mtsikana uja", ndi "iwe". Ndipo kumudzi anthu amati mwana uja ndi wamwayi, akhala ku Lusaka.

Amai aja a ku Kasenengwa tinawaimbiranso patapita sabata, kupepesa ndi kufunsa mmene anasankhira dzinali. Sanakambe za Darfur kapena Venice. Anati mwanayo anabadwa mu Febuluwale, mvula ili pakati, mlatho utamira, ndipo anachirira panjira asanafike kuchipatala. Akatekisiti ndiwo anawaonetsa dzinalo pa kalendala ya oyera, nawafotokozera pang'ono. Abambo ake anafuna Precious. Amai anakana.

Loweruka lotsatira tinauwerenganso moni uja, dzina lonse pamodzi.