Mwambo wa Asodzi pa Chilumba cha Mbenji

Mbenji ndi chilumba cha pa nyanja ya Malawi, m'boma la Salima, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. Asodzi amapitako kudzera pa doko la Chikombe, ndipo nsomba imene amaitsata kwambiri ndi utaka, womwe amaupha ndi ukonde wotchedwa chilimira. Chilumbachi chinatchuka ndi malamulo ake, amene amaona khalidwe la msodzi mmodzi ngati nkhani yokhudza anthu onse.

Chiyambi

Ufumu wa Makanjira unakhazikitsa malamulowa m'zaka za m'ma 1950, dziko likadali m'manja mwa atsamunda. Lamulo la boma la zausodzi la 1997, limene linapatsa anthu a m'midzi gawo posamalira nsomba, linapeza mwambo wa ku Mbenji utazika kale mizu.

Malamulo

Malamulowa ali pawiri. Ena ndi a usodzi: chilumba chimatsekedwa mu Disembala ndi kutsegulidwa mu Epulo, ndipo zida zowononga nsomba zazing'ono n'zoletsedwa. Miyezi yotsekayi ndi ya dzinja, pamene ziphaliwali zimaopsa panyanja, anthu ali kuminda ndipo nsomba zimapeza mpata wochulukana. Kutseka ndi kutsegula kumachitika pamwambo umene mafumu, asodzi ndi akuluakulu a boma amasonkhana.

Ena ndi a khalidwe: mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, ndipo amayi saloledwa kufika pachilumbapo. Kumtunda, kumwa kapena kusamwa ndi nkhani ya mwiniwake. Ku Mbenji sizitero, chifukwa chilimira chimakokedwa ndi anthu ambiri, ndipo woledzera mmodzi angamize anzake. Juga nayo imabala ngongole, ndewu ndi kuba pamalo opanikizana pomwe palibe kothawira.

Zilango

Komiti ya asodzi yogwira ntchito pansi pa mfumu ndiyo imayang'anira malamulo. Wolakwa amalipitsidwa chindapusa kapena kuthamangitsidwa pachilumba. Palinso chikhulupiriro chakuti kuswa mwambo kumakwiyitsa mizimu ya makolo, ndipo tsoka lake siligwera wolakwa yekha.

Zokambirana

Akatswiri a zausodzi amatchula Mbenji ngati chitsanzo cha kasamalidwe ka nsomba kotsogozedwa ndi eni dera. Komabe lamulo loletsa amayi limadzutsa mafunso, popeza amayi ambiri a m'mbali mwa nyanja amadalira malonda a nsomba, ndipo amayenera kudikira kugombe kuti mabwato abwere nazo.