Makina okoka kutentha mu mpweya: mtengo ndi phindu lake ku Chifunda

Makina ochedwa heat pump amatenga kutentha kumene kuli mu mpweya wa panja ndi kukulowetsa m'nyumba kapena m'madzi. Kagwiridwe kake ka nchito ndi kofanana ndi ka firiji. Firiji imacotsa kutentha mkati mwake ndi kukutaya kumbuyo, ndiye cifukwa cake kumbuyoko kumakhala kofunda. Makinawa amacita zomwezo, koma kutentha kumene akoka panja amakutayira m'nyumba. Ganizo limeneli linaperekedwa ndi katswiri wa sayansi Lord Kelvin m'caka ca 1852.

Phindu lake lagona pa magetsi. Hita wamba ikadya yuniti imodzi ya magetsi, imapereka kutentha kwa yuniti imodzi basi. Makinawa, popeza sapanga kutentha koma amangokusamutsa, amapereka kutentha kwa mayuniti atatu kapena anayi pa yuniti imodzi yomweyo. Mwacitsanzo, banja limene limawononga K300 pa mwezi potenthetsa madzi ndi giza, likhoza kumawononga pafupifupi K100. Kunja kukazizira kwambiri phindulo limacepa, cifukwa makina amavutika kupeza kutentha kokoka.

Vuto lili pa mtengo wogulira ndi woikira, umene ndi waukulu kuposa wa giza kapena hita. Ngakhale m'maiko olemera anthu amazengereza. Boma la Britain linayamba mu 2022 kuthandiza eni nyumba ndi mapaundi 5,000 pa makina a mtundu umenewu, ndipo mu October 2023 linakweza thandizolo kufika pa mapaundi 7,500. Kumeneko nyumba imafuna kufunditsidwa miyezi yambiri, motero ndalama zogulira zimabwerera pang'onopang'ono kudzera mu zosungidwa.

Ku Chifunda, m'boma la Chama, nkhani ndi yosiyana. Derali lili m'cigwa ca Luangwa, kumene cisanu cimamveka makamaka usiku ndi m'mamawa m'miyezi ya June ndi July, pamene October amaotcha zedi. Amene angagule makina otere kuti afunditse nyumba masabata ocepa okha, angadikire zaka zoculuka asanaone phindu. Kumene angathandizedi ndi malo ofuna madzi otentha tsiku lililonse, monga zipatala ndi malo ogona alendo obwera kudzaona nyama ku North Luangwa, pakuti mpweya wotentha wa m'cigwa umapeputsa nchito ya makinawa. Ena mwa makinawa amathanso kuziziritsa cipinda m'nyengo yotentha.

Zonsezi zimafuna magetsi odalirika. Cilala ca 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo madera ambiri a dziko la Zambia anali kukhala opanda magetsi maola oposa 20 pa tsiku. Mabanja ambiri a kumidzi alibe ngakhale nthambo za ZESCO, ndipo sola yaing'ono younikira ndi kuchajira foni siingayendetse makina otere.

Kwa banja la kumudzi, kufunda kukali kudalira nkhuni ndi makala. Bungwe la COMACO, limene limagwira nchito ndi alimi a m'cigwaci, limalimbikitsa zitofu zosadya nkhuni zambiri ndi kubzala mitengo ya Gliricidia, imene nthambi zake zimakhala nkhuni. Koma mbaula ya makala siiyenera kugona m'cipinda cotseka: imatulutsa mpweya woipa wopanda fungo, umene umapha munthu ali m'tulo.