Citsulo, kobalti ndi magetsi osataika m'njira

Akuluakulu a kuno ku Chongwe amakumbukira kuti Asoli anali anthu odziwa citsulo. Anali kukumba miyala yofiira, kuiika m'ng'anjo pamodzi ndi makala, n'kupopa mvukuto mpaka citsulo citatuluka. Osula anali kudziwa kuti citsulo cokhalitsa m'makala cimalimba kuposa cinzake. Lero tikudziwa cifukwa cake: kaboni wocepa wa m'makala amalowa pakati pa maatomu a citsulo n'kusintha khalidwe lake. Nkhani ya lero ndi ya cinthu cofanana ndi cimeneci, koma inacitikira m'malabu akutali.

Mu 1911, Heike Kamerlingh Onnes wa ku Leiden m'dziko la Netherlands anaziziritsa mekyule mpaka madigiri 269 pansi pa ziro. Anaona kuti magetsi ayamba kupitamo popanda cowachinga. Mu waya wamba, magetsi ena amataika n'kusanduka kutentha, n'cifukwa cake waya wa mbaula ya magetsi umafiira. Koma mu mekyule uja palibe cinataika. Zimenezi anazicha superconductivity.

Mu 1933 kunadziwikanso kuti cinthu cotere cimakankhira kunja mphamvu ya maginito. Motero kwa zaka zambiri akatswiri anali kuona maginito ndi superconductivity ngati mphaka ndi khoswe. Popeza citsulo ndico cimake ca maginito, ofufuza ambiri sanali kucisamala. Pamene Georg Bednorz ndi Alex Müller anadabwitsa dziko mu 1986, anagwiritsa nchito mkuwa, ndipo analandira mphoto ya Nobel caka cotsatira.

Zinthu zinasintha mu February 2008. Gulu la Hideo Hosono ku Tokyo Institute of Technology linali ndi kristalo, kutanthauza kamwala kamene maatomu ake amakhala m'mizere yolongosoka, kopangidwa ndi lanthanum, citsulo, arsenic ndi okosijeni. Pakokha kanalibe superconductivity. Atacotsako okosijeni pang'ono n'kuikapo fluorine, magetsi anayamba kupita osataika pa madigiri 247 pansi pa ziro. Patangopita miyezi yocepa, ofufuza a ku China anaika samarium m'malo mwa lanthanum n'kufika pa madigiri 218 pansi pa ziro.

Cinali kucitika n'ciani? Atomu iliyonse ya citsulo ili ngati kamaginito kakang'ono. Kristalo yosasakaniza ikazizira, timaginitoti timafola m'mizere ngati mizere ya m'munda: mzere uwu kuloza uku, wotsatira kuloza uko. Malinga ngati mizereyi ili yolimba, superconductivity siioneka. Mukalowetsa maatomu acilendo, mizere ija imafooka, ndipo pamene ikufuna kutheratu m'pamene superconductivity imakula. Akatswiri ambiri tsopano amakhulupirira kuti kugwedezeka kwa timaginito totsalato n'kumene kumathandiza maelekitironi kuyenda awiriawiri. Mdani uja anapezeka kuti ndi wacibale.

Caka comweco ca 2008, gulu la Dirk Johrendt ku Munich linatenga kristalo ya barium, citsulo ndi arsenic, n'kusintha magawo anai mwa khumi a barium ndi potaziyamu. Linapeza superconductivity pa madigiri 235 pansi pa ziro. Kenako Athena Sefat ndi anzake ku Oak Ridge ku America anacita cimene ambiri sanayembekezere. Anakhudza citsulo ceniceni: pa maatomu khumi alionse a citsulo, imodzi anaisintha ndi kobalti. M'makristalo a mkuwa, kusokoneza malo a mkuwa kumapha superconductivity msanga. Apa inabadwa, pa madigiri 251 pansi pa ziro. Kobalti ali ndi maelekitironi 27 pamene citsulo cili ndi 26, ndipo kamodzi kowonjezerako n'kokwanira. Koma zili ngati mcere m'ndiwo: ukacepa sizikoma, ukacuruka zaonongeka. Manganese, amene ali ndi 25, sabweretsa superconductivity m'kristalo yomweyo.

Kobalti si mlendo kwa ife. Zambia yakhala ikumutulutsa kwa zaka zambiri pamodzi ndi mkuwa, ku Nkana ndi ku Chambishi. Mkuwa wa mu 1986, kobalti wa mu 2008: zonse zili pansi pa nthaka yathu, koma mafunso okhudza miyalayi anafunsidwa ku Zurich, ku Tokyo ndi ku Tennessee.

Pali cinanso cimene cikhudza boma lathu. Mizere ya timaginito ija siioneka ndi maso. Mu 2008 anaiona poombera kristalo ndi manyutironi ocokera m'riyakita ya kafukufuku. Mu 2018 boma la Zambia linasainirana pangano ndi kampani ya ku Russia ya Rosatom lomanga malo a sayansi ya nyukiliya, okhala ndi riyakita ya kafukufuku, kuno ku Chongwe. Anthu ambiri anaonetsa nkhawa pa za citetezo, malo ndi madzi, ndipo nkhawazo n'zomveka. Koma pokambirana, ocepa ndi amene anafotokozera anthu m'cilankhulo cao kuti makina otere amagwira nchito yanji. Kuvomera kapena kukana kumafuna kudziwa.

Tisanamizane. Makristalowa sakanadzaza Kariba m'cilala ca 2024, pamene malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse. Amafunabe kuzizira koopsa, ndipo makina a MRI a m'zipatala akali kudalira waya wa niobium ndi titanium. Phunziro lake lili kwina. Hosono anayesa cinthu cimene anzake anacitaya, monga mmene wosula wa Cisoli anali kuyesera makala a mitengo yosiyanasiyana. Mwana wa ku Chalimbana kapena ku Kanakantapa amene akuphunzira kemisitiri lero ali ndi ufulu wofunsa funso lomwelo: ndikasintha kamodzi pa khumi, cicitike n'ciani?