Nthata: Tizilombo Tosaoneka Bwino Tokhala M'nthaka ndi Pathupi la Zamoyo

Nthata ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'gulu limodzi ndi akangaude, zinkhanira ndi nkhupakupa. Zikakula zimakhala ndi miyendo 8, koma zikangoswa kumene zimakhala ndi 6. Zambiri sizifika milimita imodzi kutalika. Asayansi apeza kale mitundu yoposa 48,000. Anthu ambiri amazidziwa chifukwa cha matenda, komatu mitundu yochuluka sivulaza munthu kapena chiweto.

M'nthaka

Malo amene nthata zimachuluka kwambiri ndi dothi lapamwamba ndi masamba ogwa. M'nkhalango za chinyontho, malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi angathe kukhala ndi nthata zoposa 100,000. Za gulu la Oribatida zimadya zinyalala za zomera ndi nkhungu. Zikamatafuna masamba, zimawasandutsa tizidutswa timene mabakiteriya amaoletsa mosavuta, ndipo chonde chimabwerera m'nthaka. Kutentha zinyalala m'munda ndi kusiya nthaka pambalambanda kumazichepetsa. Zina zimaoneka ndi maso: nthata zofiira zaubweya zimene zimatuluka mvula yoyamba ikagwa ndi alenje odya tizilombo tina.

Pathupi la anthu ndi nyama

Mphere amayamba ndi nthata yotchedwa Sarcoptes scabiei. Yaikazi imakumba njira pakhungu n'kumaikira mazira awiri kapena atatu patsiku. Bungwe la WHO limati anthu osachepera 200 miliyoni amakhala akudwala mphere nthawi iliyonse, ndipo mu 2017 linaika matendawa pamndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'mayiko otentha. Nthata za mtundu wa Demodex zimakhala m'timabowo ta ubweya pankhope za akuluakulu ambiri, kawirikawiri popanda vuto. M'makola, Dermanyssus gallinae imabisala m'ming'alu masana n'kumayamwa magazi a nkhuku usiku. Varroa destructor, imene imafoola njuchi ndi kufalitsa mavairasi mumng'oma, inapezeka ku South Africa mu 1997.

Nthata yoteteza chinangwa

Nkhani ya chinangwa imasonyeza kuti nthata ina ingakhale mdani pomwe inzake ndi mthandizi. Mu 1971, nthata yobiriwira yochokera ku South America, Mononychellus tanajoa, inapezeka ku Uganda. Inafalikira m'mayiko ambiri olima chinangwa mu Africa, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, ikuyamwa masamba anthete ndi kuchepetsa zokolola. Mu 1993, bungwe la kafukufuku wa zaulimi la IITA linamwaza ku Benin nthata ina yochokera ku Brazil, Typhlodromalus aripo, imene imadya yobiriwirayo. Masana imabisala kunsonga ya chinangwa, usiku imatuluka kukasaka pamasamba. Kumene inakhazikika, nthata yowonongayo inachepa popanda mlimi kugula mankhwala. Mankhwala ophera tizilombo akapoperedwa mwachisawawa amaphanso alenje oterewa, ndipo nthata zowononga mbewu, monga akangaude ofiira a pa tomato, zimachulukanso msanga.