Haworth, mudzi wa mabuku umene unkamwa madzi a kumanda

Amalawi amene tikukhala ku Leeds ndi ku Bradford timamva dzina la Haworth kwa anzathu akuntchito, amene amati mlendo asachoke ku Yorkshire asanakafikeko. Ndi mudzi wa paphiri, kufupi ndi tawuni ya Keighley. Msewu wake waukulu ndi woyala miyala, chikweza chokhachokha mpaka kutchalitchi. Kuseri kwa tchalitchi kuli manda, kenako nyumba ya abusa, ndipo kuseri kwa nyumbayo kumayambira zitunda zopanda mitengo zokhala ngati za ku Nyika. Inu a kwathu ku Nsanje ndi ku Chikwawa, amene munakulira m'ng'anjo ya Okutobala, mudzatenge jekete yolemera ngakhale eni dziko akuuzeni kuti kwatentha.

M'nyumba ya abusayo munalowa banja la a Patrick Brontë mu 1820. Bamboyu naye anali wobwera. Anabadwira m'banja losauka ku Ireland mu 1777, sukulu n'kumutengera ku Cambridge, mpaka kukhala mbusa wa Anglican. Akazi awo, a Maria, anamwalira mu 1821 n'kusiya ana asanu ndi mmodzi. Ana aakazi awiri oyamba anatsatira amayi awo mu 1825. Otsalawo, Charlotte, Emily, Anne ndi mlongo wawo Branwell, anakula akulemba nthano m'timabuku tating'ono kwambiri tosoka okha.

Atsikana atatuwo anatulutsa buku la ndakatulo mu 1846, atabisala m'maina a Currer, Ellis ndi Acton Bell poopa kuti owerenga apeputsa zolemba za akazi. Anagulitsa makope awiri okha. Chaka chotsatira, 1847, ndi chimene chinatchukitsa mudziwu: Jane Eyre wa Charlotte, Wuthering Heights wa Emily ndi Agnes Grey wa Anne anatuluka motsatizana. Koma chisangalalo sichinakhalitse. Branwell anamwalira mu Sepitembala 1848, Emily mu Disembala chaka chomwecho ali ndi zaka 30, Anne mu Meyi 1849 ali ndi zaka 29, ndipo Charlotte mu 1855 ali ndi zaka 38. A Patrick anafika zaka 84, ana awo onse atapita kale.

Alendo ambiri amamva chisoni ndi banja limodzili n'kupita kukagula makadi. Ine chimene chimandigwira mtima ndi mudzi wonsewo. Haworth wa masiku amenewo anali mudzi wa anthu opesa ndi kuomba ubweya wa nkhosa, othithikana m'tinyumba topanda mpweya. A Patrick, atatopa ndi kuika maliro a makanda, anali m'gulu la amene anapempha boma kuti litumize munthu wodzafufuza. Anabwera Benjamin Herschel Babbage, ndipo lipoti lake la 1850 ndi lodetsa nkhawa. Ana oposa 41 mwa 100 aliwonse ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu ndi chimodzi. Pophatikiza maliro onse, anthu ankamwalira ali ndi zaka pafupifupi 26. Zimbudzi zinali 69 m'mudzi wa anthu oposa 2,000, ndipo zonyansa zinkayenderera mumsewu womwe uja alendo amajambulitsapo lero. Manda, odzaza kale, anali kumtunda kwa nyumba za anthu, choncho mvula ikagwa madzi ankadutsa m'mandamo potsikira kumene anthu ankatunga.

Kunena zoona, Emily ndi Anne anafa ndi chifuwa chachikulu, ndipo nyumba ya abusa inali ndi chitsime chakechake. Koma wa kuchigwa amene anaona zimbudzi zikugumukira m'zitsime Shire ndi Ruo atasefukira mu 2015, kapena namondwe Freddy atadutsa mu 2023, sasowa womumasulira lipoti limeneli. Dziko lino limene timalisirira mipopi nalo linamwapo uve, ndipo linachokamo chifukwa anthu anakakamira kulemba makalata, boma n'kuyamba kumanga madamu ndi ngalande za zonyansa, mochedwa komanso monyinyirika ndi misonkho.

Pali ulusi wina wolumikiza dera lino ndi kwathu. Richard Thornton, katswiri wa miyala amene anayenda ndi David Livingstone, anabadwira ku Cottingley, makilomita ochepa kuchokera ku Haworth. Anamwalira ndi kamwazi ndi malungo mu Epulo 1863 m'mbali mwa Shire, ali ndi zaka 25, ndipo manda ake ali kufupi ndi mathithi a Kapichira ku Chikwawa.

Nyumba ya abusa ija inasanduka miyuziyamu mu 1928, ndipo amaiyang'anira ndi a Brontë Society, bungwe limene linayamba mu 1893. Tebulo limene atsikanawo ankalembera lili momwemo. Kuchokera ku Keighley mukhoza kukwera sitima yakale ya malasha, ngati ndalama ilipo, kapena basi, imene ndi yotsika mtengo. Amiyendo yolimba amapitirira m'zitunda mpaka ku Top Withens, bwinja la famu limene anthu amati ndilo linapatsa Emily malo a nkhani yake. Zikwangwani zina za m'njiramo n'zolembedwa m'Chijapani chifukwa cha kuchuluka kwa alendo ochokera kumeneko. Mukafika, thukuta lili kamukamu, mupeza mwala umene a Brontë Society anaika mu 1964, wokuuzani kuti nyumbayi sinafananepo ndi ya m'bukumo.